Tiyi wa Bwana Brannock

Los Angeles, 9 Marichi 1936

Perina wanga,

Landira moni wanga, iwe ndi mwana wathu Lukrica. Ine ndili bwino, kungoti maso akuwawa ngati wina wathiramo mchenga. Nanga msana wa amayi uli bwanji? Ndatumiza madola khumi ndi asanu pa positi. Uyambe wagula mankhwala opopera mpesa, ndipo mlongo wako Bepo ndalamazi asazikhudze ngakhale ndi chala. Ndimamudziwa mlamu wanga, akangonunkhiza ndalama kukhosi kumamuuma.

Ku kampani andisintha ntchito, sindikusenzanso mipando. Ayamba kujambula filimu ya mitundu, osati zakuda ndi zoyera zija. Mitunduyi imafuna kuwala koopsa, ndiye apachika nyale zotentha moti dzulo mtsikana wina anakomoka ali chiimire. Anamukokera pambali n'kuimikapo mnzake.

Tsono seka. Mowa umene anthu amamwa m'mafilimu ndi tiyi wozizira. Kale zinkatheka, koma mitundu yaulula, tiyi akutuluka wobiriwira ngati madzi a pachithaphwi. Wina wakumbukira kuti ine ndinakulira m'munda wa mpesa, akuti ndiye ameneyu amadziwa zakumwa. Nzeru za kuno zimenezo! Basi ndine wophika mowa wabodza, tiyi ndi shuga wopsereza. Andipatsanso botolo la wisiki weniweni loti ndizifanizira mtundu m'mawa uliwonse. Limakhala m'bokosi langa lokhoma, kiyi ndimavala m'khosi.

Womwa tiyi wangayo ndi a Lyle Brannock, aja Lukrica anamata chithunzi chawo pakhoma. Usamuuze mwana, koma mowa unawagwetsa bambo amenewa mpaka anakagonekedwa ku chipatala cha zidakwa. Tsopano analeka, sanalaweko chichokereni kumeneko. Ndiye kampani yawachitira chifundo chotani? Yawapatsa filimu yoti asewere woyendetsa ndege wotchuka amene mowa ukumuthetsera banja. Wosewera mkazi wake ndi mkazi wawo weniweni, mayi Verna Holt. Munthu wangochira kumene mabala a moto, inu n'kumulemba ntchito yosonkha moto. Anthu a kuno ndiye akuomba m'manja, ati ndi nzeru zamalonda. Asa!

Ndine wako,
Vicko


19 Epulo 1936

Perina,

Moni. Ndakondwa kumva kuti amayi ayamba kuyenda okha mpaka kutchalitchi. Ine maso achepako, ndinagula magalasi akuda, ndikuoneka ngati wakuba. Za bulu, usamubwereke Bepo. Chaka chatha anamubweza ali ndi zilonda pamsana, iye mwini osakumbukira n'komwe kumene anapita naye.

Wafunsa ngati ugulitse munda kuti mubwere. Dikira kaye. Kuti akulole kulowa dziko lino pafunika kalata ya kampani yonena kuti ntchito yanga ndi yokhazikika. Wolamula filimu yathu, a Pruett, anena kuti adzandilembera tikamaliza. Ndi munthu wamfupi, wonunkhira sopo, amene amatcha aliyense "mwana wanga" asanamuchotse ntchito.

A Brannock ndiye munthu, Perina. M'mawa uliwonse amabwera pakona panga, kukhala pa bokosi langa lomwelo, n'kumandiseka.

"Adokotala, lero mwandiphikira poizoni wanji?"

"Yemwe uja, bwana, ndangoonjezera shuga."

"Ha! Ndidzafa ndi mano obooka, ine amene dziko lonse linkadikira kuti ndife ndi chiwindi."

Koma Lachitatu sanaseke. Anagogoda bokosi ndi chidendene nati, "Vicko, mnzanga ali m'katimu ndimamumva. Amandiitana ndi dzina la paubwana." Ndinati ndikalisiye kwina botololo. Anakana, ati lizikhala pomwe akulidziwa. Kenako anandigwira dzanja mwamphamvu nati, "Tsiku lina ndidzakupempha. Ndidzakutukwana, mwina ndidzagwada. Usadzandipatse." Ndinalumbira pa mtanda wa agogo uja ndimavala pamodzi ndi kiyi.

Mayi Verna nawo anandiikira lamulo lawo. Tambula iliyonse isanafike pakamwa pa amuna awo, ndizilawa ine kaye iwo akuona. Tsiku lonse ndimangomwa tiyi, ndimangothamangira kuseri ngati nkhalamba. Koma ndimachita mokondwa. Ukawaona awiriwa pa nthawi yopuma, akudyera mbale imodzi, mayiyo akuwakupiza amuna awo ndi nyuzipepala, ungati m'tauni ino mukadali anthu.

Umupsompsone Lukrica. Chithunzi chosainidwa chija ndamupemphera.

Vicko


24 Meyi 1936

Perina wanga,

Moni kwa nonse. Ine thupi lili bwino. Nkhuyu zouma zinafika, zikomo, ndinagawirako a Brannock, anadya ngati mwana. Thanki la madzi a mvula ulimatitse dzuwa lisanafike poipa, ndalama yake ndi imene ndaikamoyi.

Kuntchito kwavuta. A Pruett sakukhutira. Akuti a Brannock akamadzandira zikuoneka kuti n'zoyeserera, ndiponso nkhope yawo pa mitundu ikuoneka yathanzi kwambiri, masaya ngati a mwana woyamwa. Anakuwa pamaso pa anthu onse kuti, "Ine ndinagula chidakwa, mwandibweretsera m'busa!" Anthu anaseka, poti bwana akanena nthabwala ngakhale yonunkha umaseka. A Brannock nawo anaseka, koma makutu ali psuu.

Dzana anandiitanira mu ofesi mwawo. Anandipatsa mpando, ine amene sanandipatsepo ngakhale moni.

"Mwana wanga, tiyi wako ndi wokongola. Koma akusowa kamchere pang'ono. Wandimva?"

"Sindinamve, bwana."

"Kadontho chabe. Kapuni kamodzi m'tambula, kuti maso anyowe. Ndi za luso izi, iwe sungazimvetse."

"Bwana, kwathu timapanga vinyo. Munthu ngati ameneyu alibe kadontho. Kadontho ndi mbiya yonse."

Anamwetulira, nandifunsa kuti kodi mkazi wanga dzina lake ndani, nanga mwana ali ndi zaka zingati. Anati n'zachisoni banja kukhala motalikirana chonchi. Dzina lako m'kamwa mwa munthu ameneyo, Perina! Nditatuluka ndinakasamba m'manja ngati ndagwira chinthu chowola.

Usadandaule, kiyi ili m'khosi mwanga. Koma za munda ndati dikira, ndipo ukamva wina akukuuza mtengo wabwino, umuuze kuti mwini wake sanafe.

Wako,
Vicko


14 Juni 1936

Perina,

Moni. Ndili moyo. Mwezi uno ndatumiza zochepa, upirire.

Sabata yatha anandibwereketsa kwa anthu ena a kampani yomweyi amene akujambula filimu ya okwera mahatchi kuchipululu. Ati kulibe wina wodziwa kusakaniza magazi abodza kuti aoneke bwino pa mitundu. Ndinati ndinyamule bokosi langa. Ati ayi, ndi katundu wa kampani, kiyi usiye ku ofesi. Ndinakana, anandionetsa chipata. Ndinaganiza za iwe ndi mwana, ndinavula kiyi.

Botolo lija ndinkalimanga ulusi pamene wisiki walekezera. Nditabwerako ndinapeza ulusi uli pomwe paja, wisiki atatsika kufika m'munsi mwa ulusiwo.

A Brannock sanabwere pakona panga m'mawa. Tinakumana pakhomo, anayang'ana kumbali.

Ukayatse kandulo kwa Nikola Woyera. Usandifunse kuti ya ndani.

V.


16 Ogasiti 1936

Perina wanga,

Moni, ndipo undikhululukire kukhala chete. Makalata ako awiri ndinalandira. Sindikudwala ayi, kungoti ndikagwira cholembera dzanja limalemera. Ndamva za matalala. Zimene zatsala mukolole msanga, vinyo wa chaka chino akhale wakumwa pakhomo, musagulitse.

Wati ndikubisira. Chabwino, imva, koma kalatayi Lukrica asaione.

Botolo langa silikufunikanso, a Brannock akubwera ndi lawo m'thumba la jekete, ndipo palibe amene amaliona, onse maso anachita khungu tsiku limodzi. Maso awo afiira, khungu lachita chikasu, manja ali njenjenje. Wopaka nkhope anafuna kubisa ndi ufa, a Pruett anamumenya padzanja. "Usakhudze! Taonani mtunduwo! Chikasu chimenecho mungachigule kuti?" Amaima kuseri kwa kamera n'kumanyambita milomo ngati akuona nyama yootcha. Ine tiyi ndikuphikabe, amamuika patebulo poonekera kuti alendo ndi atolankhani akabwera aziona.

Lachisanu tinajambula pamene woyendetsa ndege uja akugwa paphwando pamaso pa anthu. A Brannock anagwa zenizeni, mutu kugunda pa sitepe, n'kusanza pa malaya oyera. Mayi Verna anathamanga, kugwada m'masanzimo, akulira kuti, "Lyle! Lyle, dzuka!" Dzina la m'filimu analiiwala, ankaitana mwamuna wawo. Ine ndinati ndithamangire madzi, wina anandigwira kolala. Kamera inali ikuzungulirabe, Perina. A Pruett ankangonong'oneza kuti, "Pitiriza, pitiriza, dzinalo tidzakonza." Atati basi, anthu anaomba m'manja. Munthu ali gone pansi, magazi ali chuchuchu, ndipo sanali magazi anga ophika aja.

Madzulo ake ndinawapeza mayi Verna akuchotsa zopaka kumaso. Ndinati, "Mayi, inu mukhoza kuimitsa zimenezi. Mukangokana kubwera mawa, zatha."

Sanandiyang'ane, ankayang'ana pagalasi. "Kwatsala masabata atatu okha, Vicko. Tikaimitsa, sadzamulembanso wina aliyense, ndi ine ndemwe. Akamaliza ndikamugoneka kuchipatala chabwino."

"Nanga masiku aja anandipititsa kuchipululu, tambula analawa ndani?"

 Anangoti, "Tseka chitseko ukamatuluka."

Sindikudziwa ngati ankadziwa, ndipo sindifuna kudziwa. Amawakonda amuna awo, zimenezo ndinaziona ndi maso angawa. Koma m'mawa mwake anafika pa nthawi yake, tsitsi lili lopesa bwino.

A Brannock anandipempha kamodzi kokha, tsiku limene botolo lawo linatha. Sanagwade, anangotambasula dzanja. Ndinakana monga ndinalumbirira. Anaseka nati, "Wasunga pangano, adokotala. Wakhoma khola mbuzi itadyedwa kale."

Ndatopa ndi tauni ino, ngakhale malalanje ake akundinunkhira.

Vicko


21 Febuluwale 1937

Perina,

Moni kwa iwe ndi mwana. Pepa za Khirisimasi, ndinangotumiza ndalama popanda mawu, ndinalibe mawu abwino oti ndikupatse. Ndamva kuti Bepo anamutola m'ngalande ndi chibayo. Ndalama ya dokotala utenge pa zimene ndatumizazi, ndi m'bale wako.

Filimu inatuluka. Anthu akuima pamzere kuzungulira nyumba yonse, amayi akutuluka akupukuta misozi, kenako n'kukagula soseji pakona. Pa chikwangwani cha magetsi dzina la mayi Verna lili pamwamba, zilembo zake kutalika ngati ine. La a Brannock lili pansi. Tsiku lotsegulira mayiyo anabwera atavala zoyera, atagwirana mkono ndi a Pruett, n'kuuza anthu pa wailesi kuti amuna awo akupumula kumudzi. Kumudzi kwake ndi chipatala chokhala ndi zitsulo m'mawindo.

Ndinakaionera kamodzi. Malo aja anagwa aja alimo onse, anangochotsa dzina lija mayi ankaitana n'kuikapo lina. Munthu amene anakhala pafupi nane anati, "Koma bambo ameneyu amatha! Ungati waledzeradi." Ndinatuluka ndisanamumenye.

Nyuzipepala zonse zikuti m'mbiri ya mafilimu palibe anasewerapo chidakwa ngati Brannock, munthu woti pakamwa pake pankangodutsa tiyi. Koma mphekesera zayamba. Pali mtolankhani wina, mayi wa chipewa chobiriwira, amene wakhala akununkhiza. Wandipeza pa basi, akuti, "Ndinu munkathira m'matambula, eti? Tikumane Loweruka likubwerali." A Pruett nawo amva. Anandiitana, kalata yako ija ili patebulo yolembedwa kale, yongosowa dzina lawo pansi. "Mwana wanga, ukudziwa chimene unkaphika."

Perina, ndikanena zonse Loweruka. Za kiyi, za ulusi, za kamera imene sinaime. Ntchito ithe, kalata aisunge, akapukutire nsapato. Wakwiya ndikudziwa, wadikira nthawi yaitali. Koma ndikakhala chete ndidzanunkha ngati iwo, ndipo sudzafuna kugona nane chipinda chimodzi. Mpesa uudulire, tidzaufuna.

Mwamuna wako,
Vicko


7 Marichi 1937

Perina wanga,

Moni. Ndili bwino, ngati kumeneku n'kukhala bwino. Ndakondwa kuti Bepo wadzuka. Usamuthamangitse pakhomo, uzimupatsa msuzi. Ndinkamunyoza mlamu wanga, koma iye amamwa yekha ndi chisoni chake, palibe amagulitsa matikiti kuti anthu adzamuonere.

Lachisanu la sabata inayo, tsiku loti mawa ndikumana ndi mtolankhani, kunabwera uthenga kuti a Brannock akundifuna. Ndinapita masana. Ndinawapeza pakhonde la chipatala atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Anali atatha, Perina, atangotsala mafupa. Mimba yokha ndiyo inali itatupa. Pamiyendo anali ndi mulu wa nyuzipepala zodula, zofewa chifukwa chogwiridwagwiridwa.

"Adokotala! Mwabwera opanda poizoni?"

Ndinawauza kuti mawa ndikawalipsira, dziko lonse lidziwe chimene Pruett anawachita. Ndinkayesa akondwa. Anandigwira malaya.

"Iwe, usayerekeze."

"Bwana, anakuphani anthu amenewa!"

"Ndikudziwa amene anandipha, ndinalipo. Tambula yoyamba ndinainunkhiza isanafike pakamwa, ndinamwabe." Anakhosomola nthawi yaitali. "Tawerenga apa. Akuti ndine katswiri. Moyo wanga wonse ankati ndine nkhope yokongola chabe, lero akuti katswiri. Mkazi wapita, nyumba yapita, chiwindi chapita, chatsala n'chimenechi. Ukanena zoona, ndiye kuti sindinasewere kalikonse. Ndidzangokhala chidakwa chimene anachijambula chikusanza."

Ndinati nanga Pruett azingoyenda choncho, akununkhira sopo?

"Msiye ayende. Vicko, ndinakuuza kuti tsiku lina ndidzagwada." Ndipo anayamba kutsetsereka pampando, bulangete likugwa, mawondo akufuna pansi. Ndinawagwira m'khwapa ndisanaone zimenezo. Sankalemera n'komwe, ngati mtolo wa nthambi zodulira.

Loweruka mayi wa chipewa chobiriwira anandigulira khofi, natsegula kabuku kake. Anati, "Ndiuzeni zoona, bambo, m'matambula muja munali chiyani?"

Ndinati, "Anali tiyi, mayi. Tiyi ndi shuga wopsereza. Ndinkaphika ndekha."

Anatseka kabuku. Anadziwa, ndipo anandiyesa wogulidwa. Lolemba a Pruett anandisisita paphewa pamaso pa anthu, nati, "Mwana wanga uyu ndi wokhulupirika." Andikweza, tsopano ndine mkulu wa zakumwa zonse zabodza pa kampani. Kalata yako anasaina, ili m'thumba mwangamu. Nditafika kunyumba ndinasanza.

Sinditumiza kalatayo, Perina. Sindifuna kuti udzalowe dziko lino pa pepala limenelo, kapena kuti Lukrica adzakule akupuma mpweya wa kuno. Ndigwira mpaka ndalama ya sitima yapamadzi ikwane, mphesa za chaka chino tidzathyola limodzi. Tiyi usadzandiphikire.

A Brannock anamwalira Lachinayi lapitali. Maluwa a kampani anali aakulu kuposa bokosi la maliro.

Filimuyi idzafika kwathuko m'tauni ya Split, ndipo Lukrica adzalirira kukaiona. Umulole, apite ndi azakhali ake. Akadzabwera n'kukufunsa kuti kodi atate ankawathirira chiyani bambo aja kuti azidzandira choncho, umuuze kuti anali tiyi. Koma iwe usakaione.

Ndine wako,
Vicko